Makompyuta atatu ndi foda imodzi ku Rosettenville

Shopu yosindikiza mapepala ya Mmalawi kuno ku Joni sigula makompyuta ake tsiku limodzi. Ina imagulidwa kwa munthu amene akusamuka, ina imabwera ndi mnyamata wojambula mavidiyo a maukwati, ina ndi yotsala ku ofesi yomwe inatsekedwa. Ndiye mukazungulira ku Rosettenville, Turffontein kapena Mayfair, si zachilendo kupeza Windows pakauntala, Mac kuseri kwa katani, ndi kabokosi ka Linux pansi pa tebulo kali fumbi lokhalokha. Mwini shopu alibe nazo ntchito kuti anapanga makinawa ndani. Iye akungofuna kuti chithunzi chimene chakonzedwa kuseri chifike pakauntala kasitomala asanatope n'kudikira.

Alamu anga ali ndi shopu yotereyi ku Rosettenville, ndipo poti ine ndimagwira ntchito ya makompyuta mkati mwa sabata, Loweruka langa nthawi zambiri limathera kumeneko. Ntchito zawo ndi zomwe tonse tikudziwa: ma CV, makadi a chinkhoswe, zikwangwani za mipingo, makope a pasipoti ndi mapepala ena a boma, komanso mapulogalamu a maliro, amene safuna mawa. Munthu akamwalira kuno, abale amakhala pakalikiliki kuti thupi lipite kumudzi, ndipo wosindikiza alibe mpata wowauza kuti makompyuta avuta. Kale ankayenda ndi fulashi kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Fulashi ikakhala yokonzedwa mwa njira ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB, pomwe vidiyo ya ukwati imadutsa pamenepo mosavuta. Ikakhala ya NTFS, Mac imangowerenga, kulembamo ayi. Kuiika pa exFAT kumathetsa ziwirizi, koma osati mavairasi amene fulashi imatola m'makompyuta a makasitomala. Choncho tinakonza foda imodzi pa kabokosi ka Ubuntu (mtundu wa Linux) yoti onse aziikamo ndi kutengamo.

Foni ikalira Lachisanu usiku ndimadziwiratu mawu ake. “Alamu, makompyuta aja ayambanso, sakuonana.”

Anthu ambiri amakhulupirira kuti Mac, Windows ndi Linux sizingamvane, ndipo akaona vuto amangoti ndi momwemo. Si zoona. Zonse zitatu zimapatsana mafayilo kudzera mu njira imodzi yotchedwa SMB. Inayambira ku IBM mu 1983 m'manja mwa Barry Feigenbaum, kenako Microsoft inaitenga n'kuikulitsa. Linux imailankhula kudzera mu Samba, pulogalamu imene Andrew Tridgell anayamba kulemba ali ku yunivesite ku Canberra m'dziko la Australia, n'kuitulutsa mu 1992. Apple inali ndi njira yakeyake ya AFP, koma kuyambira OS X Mavericks mu 2013 inasankha SMB2 kukhala njira yake yaikulu. Chovuta n'chakuti SMB ili ndi mibadwo. Pali SMB1 yakalekale, SMB2 imene inabwera ndi Windows Vista mu 2006, ndi SMB3 imene inabwera ndi Windows 8 mu 2012. Makina a m'shopu ngati ya alamu anga anapangidwa m'zaka zosiyana kwambiri, ndipo zimenezi zimadzaonekera patsogolo.

Chimene alamu amadandaula kawirikawiri n'chakuti akatsegula Network pa Windows, kabokosi ka Ubuntu sikakupezekamo. Mndandanda umenewo ine sindiukhulupirira ngakhale pang'ono. Kale Windows inkaudzaza kudzera mu Computer Browser, yomwe inkadalira SMB1. SMB1 itachotsedwa, Windows inayamba kufufuza anzake ndi WS-Discovery, yomwe Samba ilibe. Mac nayo imafufuza ndi Bonjour, ndipo Linux imaiyankha pokhapokha pulogalamu ya Avahi ikuyenda. Ndiye kompyuta ikhoza kukhala ili bwinobwino, foda ili yotsegula, koma dzina lake osaoneka paliponse. M'malo mosakasaka dzina, lembani adiresi yake ya manambala. Pa Windows mulemba \\192.168.1.20 pamwamba pa File Explorer. Pa Mac mudina Command ndi K mu Finder n'kulemba smb://192.168.1.20. Foda ikatseguka, palibe chawonongeka. Kapulogalamu kotchedwa wsdd mukakaika pa Ubuntu, dzina lija limabwereranso pa mndandanda wa Windows, alamu mtima n'kukhala pansi.

Ikakana kutseguka, ndimayamba ndafunsa ngati magetsi anazima. Mu 2023 kuno magetsi ankazima pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale pano zinthu zinasintha, kumwera kwa Joni kumazimabe mawaya akabedwa kapena thiransifoma ikapsa. Rauta imagawa maadiresi yokha kudzera mu DHCP, ndipo rauta zambiri zotchipa zikazima zimaiwala kuti adiresi iti inali ya ndani. Magetsi akabwera, makina oyamba kudzuka amatenga adiresi yoyamba kupezeka. Ubuntu yomwe dzulo inali pa 20 lero ili pa 23, pomwe makompyuta ena akugogodabe pa 20 n'kumalandira uthenga wa 0x80070035, woti njira sinapezeke. Mankhwala ake ndi kulowa mu rauta n'kuimanga adiresiyo ku nambala ya MAC ya khadi la netiweki, nambala yomwe ilibe ubale uliwonse ndi Mac ya Apple, kuti kabokosiko kazilandira adiresi yomweyo nthawi zonse. Mukaona kompyuta ili ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti inapempha kwa rauta koma sinayankhidwe, ndiye yadzipatsa yokha. Apo onani waya ndi rauta, foda isiyeni kaye.

Palinso china chimene chimachitika kwambiri m'nyumba za lendi. Shopu ya alamu imagawana intaneti ndi a landilodi. Rauta ya a landilodi imapereka maadiresi a 192.168.0, ya alamu 192.168.1. Mac ya mnyamata wa mavidiyo imakumbukira Wi-Fi zonse ziwiri, ndipo ya alamu ikachedwa kudzuka imangodumphira pa ya a landilodi. YouTube ikusewera, WhatsApp ikuyenda, ndiye palibe amene amaganiza kuti vuto ndi netiweki. Ingoyerekezani manambala atatu oyambirira a maadiresi pa makina onse. Akasiyana, makinawo ali mbali ziwiri zosiyana. Wi-Fi ya alendo nayo imapanga zomwezo, chifukwa inapangidwira kuti olumikizidwapo asafikirane.

Maadiresi akakhala bwino, chotsatira ndi chipata nambala 445, pomwe SMB imadutsira. Windows imagawa netiweki iliyonse kukhala Public kapena Private, ndipo rauta ikasinthidwa kapena kubwezeretsedwa mmene inachokera kufakitale, imaiona ngati yachilendo n'kuiika pa Public, pomwe kugawana mafayilo n'kotseka. Ambiri amayesa ndi ping, lamulo longofunsa ngati kompyuta ina ikuyankha, koma ping imanamiza, poti firewall, mlonda wa zipata za Windows, imatha kuikana pamene zina zonse zili bwino. Ine ndimayesa chipata chenichenicho. Mu PowerShell ndimalemba Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 445, pa Mac kapena Linux nc -zv 192.168.1.20 445. Pa Ubuntu, ngati ufw, firewall yake, ili yoyaka, iyenera kuuzidwa kuti ilole Samba, makamaka kwa maadiresi a m'shopu okha. Amene amakuuzani kuti ingozimitsani firewall akukuuzani zoona pa chinthu chimodzi chokha, choti foda itseguka.

Pamene nthawi yambiri imathera ndi pa dzina ndi pasiwedi. Apa m'pamene alamu amafika pokanda m'mutu, chifukwa amalemba pasiwedi yomwe amalowera nayo tsiku lililonse koma kompyuta n'kumakana. Pali zifukwa zingapo, ndipo chilichonse chili ndi nzeru yake.

Pa Ubuntu, Samba imasunga mapasiwedi ake payokha. Linux imabisa pasiwedi mwa njira ina, SMB imafuna yobisidwa mwa njira inanso, ndipo sizitheka kutembenuza ina kukhala inzake. Ndiye munthu akhoza kukhala ndi akaunti pa Ubuntu koma Samba osamudziwa mpaka mutalemba sudo smbpasswd -a ndi dzina lake. Mukasintha pasiwedi ya Ubuntu, ya Samba nthawi zambiri imatsala yakale ija.

Pa Windows 11 ambiri amalowa ndi PIN, n'kufika poiwala kuti pasiwedi inalipo. PIN imagwira ntchito pa kompyuta yomweyo basi, sidutsa pa netiweki. Ngati akauntiyo ndi ya Microsoft, Mac ikamafuna kulowa mu foda ya pa Windows imafuna pasiwedi ya akauntiyo, yomwe kwa alamu anga inapita limodzi ndi foni yomwe inabedwa mtauni. Ine sindilimbana nazo. Ndimapanga akaunti ina wamba pa kompyutayo, yopanda mphamvu za woyang'anira, ntchito yake kugawana mafayilo basi. Pa Mac, kuyatsa File Sharing pakokha nthawi zina sikukwanira. Mulowe mu Options, muonetsetse kuti SMB yayaka, ndipo muchonge dzina la munthu amene azilowa kuchokera pa Windows.

Kenako pali kuumirira kwa Windows pa zakale. Mukalemba pasiwedi n'kuchonga kuti ikumbukire, imaisunga mu Credential Manager n'kumaitumizabe ngakhale mutaisintha mbali inayo, osakufunsaninso. Muyenera kulowamo n'kuifufuta. Windows salolanso kulowa pa seva imodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi, ndipo imapereka uthenga nambala 1219. Lamulo la net use * /delete limadula zonse kuti muyambirenso.

Ena amaona kuti zonsezi n'zotopetsa, ndiye amatsegula foda yopanda pasiwedi, yoti aliyense alowe ngati mlendo. Njira imeneyi ikutsekeka pang'onopang'ono. Windows 11 Pro ya 24H2, yomwe inatuluka mu 2024, imakana kulowa ngati mlendo ndipo imafuna kuti uthenga uliwonse wa SMB ukhale wosainidwa, pomwe mlendo alibe chosainira. Mashopu ambiri anadzuka tsiku lina foda yomwe yakhala ikugwira ntchito zaka zambiri itangokana, iwo osasintha kalikonse. Pa intaneti mupeza malangizo obwezeretsera zakalezo. Ine ndimati pangani akaunti ndi pasiwedi, n'zamphindi zochepa.

Mukalowa, mwina mupeza kuti mafayilo mukuwaona koma kusunga chatsopano zikukana. Amene anakhalapo m'zipinda za kuseri kwa nyumba kuno akudziwa kuti kiyi wa geti si kiyi wa chipinda. Samba imakulowetsani pageti malinga ndi zomwe zalembedwa mu /etc/samba/smb.conf, koma foda yeniyeniyo ili ndi mwini wake pa Linux, ndipo zilolezo zake ndi zomwe zimagamula. Pa Windows n'chimodzimodzi, pali Sharing ndipo pali Security, ndipo pa ziwirizi yokhwima ndiyo imapambana. M'shopu zimaoneka chonchi: mnyamata wa mavidiyo wasunga chikwangwani kuchokera pa Mac, fayiloyo yalembedwa m'dzina lake, ndiye mtsikana wa pakauntala akulephera kukonza tsiku lomwe lalakwika kasitomala ali chilili. Yankho lotchuka ndi chmod 777, kutanthauza kuti aliyense achite chilichonse. Chabwino ndi kuwaika onse m'gulu limodzi n'kuuza Samba kudzera mu force group ndi create mask kuti fayilo iliyonse yatsopano ikhale ya gululo. Mukasintha smb.conf, yendetsani testparm kuti ifufuze zolakwika musanayambitsenso Samba, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimatha kukudyerani masana onse.

Mayina a mafayilo ali ndi timavuto tawo. Windows salola zizindikiro monga : * ? " < > | m'dzina, pomwe Linux imalola. Finder imalola munthu kulemba tsiku ngati 12/03 m'dzina la fayilo, koma pansi pake imasunga ngati 12:03, ndipo fayiloyo ikafika pa Windows imatha kuoneka ndi dzina losokonekera. Linux imaona Maliro.docx ndi maliro.docx ngati mafayilo awiri, Windows ngati imodzi. Chomwe chinandiseketsa ndi chilembo chathu cha ŵ. Kompyuta ikhoza kuchisunga ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w ndi kadenga kake padera, ndipo madisiki akale a Mac a HFS+ ankasunga mwa njira yachiwiriyi. Linux imaona njira ziwirizi ngati mayina osiyana, moti mukhoza kupeza mafoda awiri olembedwa Malaŵi atagundizana, ofanana ndendende m'maso. M'shopu tinagwirizana kuti kadengako kazikhala m'kati mwa zolemba, osati m'dzina la fayilo. Timafayilo ta .DS_Store ndi toyamba ndi ._ si mavairasi ngati mmene mtsikana wa pakauntala ankaganizira, ndi Mac yomwe imatisiya. Kuyatsa vfs_fruit mu Samba kumachepetsa ta ._ tija ndipo Finder imatsegula mafoda mwachangu.

Za liwiro ndinena mwachidule. Waya wa gigabit umanyamula pafupifupi 110 MB pa sekondi, wa 100 Mbps pafupifupi 11 MB. Vidiyo ya 40 GB imadutsa m'mphindi zisanu ndi imodzi pa woyambayo, pa winayo pafupifupi ola lathunthu. Gigabit imafuna timawaya tonse 8 ta mkati, ndipo kamodzi kakaduka pomwe waya wapanikizika ndi chitseko, makina amatha kutsikira ku 100 osakuuzani. Mavidiyo pa Wi-Fi, musayese n'komwe.

Pomwe ine ndi alamu tinasiyana maganizo kwenikweni ndi pa makina a fotokope. Ndi aakulu, olimba, ogulidwa kwa ofesi ina itawatopa nawo, ndipo amatha kutumiza sikani molunjika mu foda ya pa netiweki. Koma amadziwa SMB1 yokha. Windows 10 inayamba kusiya SMB1 kuyambira mtundu wake wa 1709 mu 2017, Samba nayo inaizimitsa kuyambira mtundu wa 4.11 mu 2019, ndiye makinawo ankangolira n'kulemba kuti kutumiza kwalephera. Munthu wina wokonza makina anawauza alamu kuti n'zosavuta, kungoyatsa SMB1 pa Windows ya pakauntala, kutsegula foda kwa Everyone, basi.

“Alamu, mnzanuyo wati ndi kungochonga kabokosi kamodzi. Inu mukuvutikiranji?”

Ndinawauza za WannaCry. Pa 12 May 2017 vairasi imeneyi inafalikira m'mayiko oposa 150 kudzera pa chibowo cha mu SMB1, n'kumatseka mafayilo a anthu kuti alipire ndalama. Ku England zipatala za boma za NHS zinafika pobweza odwala. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu March chaka chomwecho, koma makina ambiri anali asanachilandire. Chibowo chimenecho chinatsekedwa, koma SMB1 ikadali yopanda chitetezo chomwe mibadwo yatsopano ili nacho, monga kubisa zomwe zikudutsa pa waya.

Alamu anangoseka. “Nanga wakuba wa ku Ulaya adzafuna chiyani m'kashopu kanga?”

Wa ku Ulaya mwina sangafune kanthu. Ndinawatsegulira foda ya masikani kuti aone okha zomwe zinalimo. Mapasipoti a anthu, tsamba la chithunzi ndi la chidindo. Mapepala a ofuna chitetezo m'dziko muno. Makalata a kubanki, zikalata za imfa, makalata a kuchipatala, ma CV okhala ndi manambala a foni ndi komwe anthu amagona. Zina zinali za zaka zingapo zapitazo, eni ake mwina anabwerera kale ku Mangochi kapena ku Mzimba. Ndipo pasiwedi ya Wi-Fi ya shopu inali yolembedwa pakhoma kuti makasitomala azitumiza zithunzi mosavuta. Foda ikanatsegulidwa kwa Everyone, aliyense wokhala pabenchi ndi foni yake akanatha kukopera zonsezo akudikira makadi ake. Kuno kope ya pasipoti ya munthu ndi katundu, anthu amatsegulira nayo maakaunti ndi kulembetsera masimu khadi, ndipo Mmalawi amene mapepala ake sali bwino sangathamangire kupolisi kukadandaula. Lamulo la dziko lino la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limati bizinesi yosunga zachinsinsi za anthu izitchinjirize ndipo isazisunge kupyola nthawi yofunikira. Silisiyanitsa banki ndi shopu ya fotokope.

Apo alamu anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Chabwino, ndiye tipange bwanji? Makina atsopano ndilibe ndalama yake.”

Tinayamba tafufuza ngati opanga makinawo anatulutsa firmware, pulogalamu ya m'kati mwa makinawo, yatsopano yodziwa SMB2, chifukwa makina ena amatero. Awa sanatero. Samba imatha kuuzidwa kuti ilolenso SMB1 ndi mzere wa server min protocol = NT1, koma mzerewo umatsitsa chitetezo cha seva yonse chifukwa cha makina amodzi. Mwamwayi fotokopeyo imadziwanso FTP, njira ina yakale yotumizira mafayilo. Sindikunena kuti FTP ndi yotetezeka, pasiwedi yake imadutsa pa waya poyera. Koma ndinatha kuimanga manja. Pa Ubuntu ndinaika vsftpd, pulogalamu ya FTP, ndi akaunti yongoponya mafayilo koma yosatha kuwatenga, ndipo ufw imalola adiresi ya fotokope yokha kufika pamenepo. Foda yomweyo imaonekera kwa Windows ndi Mac kudzera mu Samba ndi SMB3, kwa amene ali ndi dzina ndi pasiwedi. Makasitomala tinawasamutsira pa Wi-Fi ya alendo, ndipo pepala la pakhoma lija tsopano lili ndi pasiwedi ya imeneyo.

Chomaliza chinali mzere umodzi mu cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, wofufuta sikani iliyonse yomwe yatha masiku 7. Apa m'pamene tikukanganabe. Alamu amati makasitomala ena amabwera patatha mwezi n'kunena kuti “achimwene, ndisindikizireninso kope ija munandisungira,” ndipo kuwauza kuti inafufutidwa kumaoneka ngati mwano. Ine ndimati abwere ndi pasipotiyo aijambulenso, n'zamphindi imodzi. Pano tagwirizana kuti wofuna kusungiridwa azinena yekha, mtsikana wa pakauntala aziisamutsira mu foda ina yomwe amalowamo ndi alamu okha, ndipo wobwera kudzajambulitsanso sikani yomwe inafufutidwa asamalipiritsidwe kachiwiri.